Khomo la Abambo

Lolemba, 5 Meyi

Achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi Amayi. Ine kuno ndili bwino, kungoti maso atopa ndi sikirini. Nanga maso a Amayi ali bwanji? Mukamawawerengera kalatayi muziwerenga pang'onopang'ono, osati mothamanga muja mumachitira ngati mukuulutsa mpira.

Musadabwe kuti ndabwerera ku pepala ndi cholembera. Mwezi uno atiika pa ntchito yatsopano, ndipo atisainitsa pangano la chinsinsi la masamba khumi ndi limodzi. Foni timasiya m'kabati pakhomo, ndipo akafuna ali ndi ufulu woitsegula n'kuona zimene timakambirana ndi anthu. Choncho musandiimbire kapena kunditumizira uthenga mpaka ntchitoyi itatha. Makalata ndizipatsira adalaivala a basi aja amanyamuka kuno Lachiwiri n'kufika kwanuko Lachinayi. Inu muziwapatsa yankho Loweruka akamabwerera.

Wophwanya panganoli amachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Anzanga a konkuno atachotsedwa akhoza kukafuna ina mawa lake, koma ine chiphaso changa chokhalira m'dziko muno chinamangiriridwa pa ntchito imeneyi. Ikangotha, amandipatsa masiku khumi ndi anayi olongedza katundu. Zaka zinayi ndinavutikira malo amenewa, inu ndinu mboni.

Ndamva kuti Amayi akuuzabe anthu kuti mwana wawo amalipidwa posewera. Muwafotokozerenso kuti ndine woyesa magemu. Tilipo khumi ndi anayi m'chipinda chopanda zenera. Ine ndimatenga kamunthu ka m'gemu n'kumakagunditsa kukhoma limodzi lomwelo maulendo mazana awiri, kuona ngati khomalo lingabooke. Likabooka ndimalemba lipoti kuti akatswiri atseke. Kumeneko ngati n'kusewera, ndiye kuti wochapa mbale kulesitilanti nayenso amadyerera.

Tsopano chimene ndalembera. Kodi makina a gemu a malemu Abambo aja, a pakona pafupi ndi zenera la shopu, akuyakabe? Mukukumbukira gemu ija tinkaitchula kuti Kanyali, ya kamunthu konyamula nyali kamene kamakwera nsanja? Pa gawo lachisanu ndi chiwiri Abambo ankalowetsa kamunthuko m'khoma lopanda khomo, ife n'kumati ndi khomo la Abambo. Ine ndinali wamng'ono, ndinkangoona msana wawo ndi zigongono. Ankachita bwanji? Mundilembere ndondomeko yonse, batani ndi batani, osasiya kanthu.

Musandifunse chifukwa chake.

Ine mlongo wanu,
Kachala


Lachisanu, 9 Meyi

Kachala,

Kalata yako yafika dzulo ndipo tonse tili bwino. Amayi anaimva kawiri, kachiwiri pamaso pa Atelala a shopu yoyandikana nafe, kuti nawonso adziwe kuti mwana wawo amasainira masamba khumi ndi limodzi. Za kuchapa mbale zija sanaseke. Akuti ukuonda, akuona pa kalembedwe kako, chonsecho zilembozo saziona.

Makina a Abambo akuyaka. Kandodo kake kanakhwepa, ndinakamanga ndi waya, ndipo sikirini imafuna kuimenya kambama kaye kuti idzuke. Amene amawasewera masiku ano ndi azibambo a mimba zawo amene anakulira m'shopu muno. Ena onse ali pa mafoni awo. Pali masiku ena mipando yonse isanu ndi itatu imakhala yopanda munthu, ine n'kumangopukuta fumbi pa mabatani.

Khomo lija nali. Ukafika pa makwerero achitatu, zimitsa nyali. Yenda kumanzere mumdima mpaka kamunthu kagunde khoma. Gwira kandodo kumanzere osasiya, dumpha kawiri, ndipo kachitatu udumphe pa nthawi yeniyeni imene belu la nsanja likulira. Ukachedwa pang'ono palibe chichitike. Ukalasa, ulowa m'chipinda chabuluu chopanda adani, chopanda nyimbo, ndipo wotchi ya gemu imaima. Abambo ankakasiya mmenemo kamunthu kawo akamakatumikira kasitomala, kuti kasafe iwo kulibe. Ndayesa lero m'mawa ndipo ndalowa kachinayi.

Kuno nkhani ili m'kamwa mwa aliyense ndi msonkhano wa atolankhani wa pa 12 Juni, uja makampani akuluakulu amaonetsa magemu amene akubwera. Ndidzauonetsa pa sikirini yaikulu muno m'shopu, ndabwereka kale mabenchi. Anthu akukangana kuti ndi gemu iti yakale imene aipangenso mwatsopano chaka chino. Ometa a kutsidya kwa msewu akuti zakale zisiyidwe zigone. Atelala akuti kupanganso gemu kuli ngati kutembenuza kolala ya malaya, munthu amavala n'kumanyada chonsecho ndi malaya omwe aja.

Tsamba langa la pa intaneti lija likadalipo, lija iwe sunalitsatepo chifukwa cha kunyada. Lachisanu lililonse masana ndimaimika foni pa tebulo, iloze manja anga ndi sikirini basi, nkhope ayi, n'kumalosera za magemu pamaso pa dziko lonse, kutanthauza anthu mazana atatu. Amanditchula kuti Mlosi. Chaka chatha ndinalosera zinthu zisanu n'kuphonya zisanu zomwe, ndiye Ometa akandiona amafunsa ngati kugwe mvula, akuti kuti adziwe kuti sikugwa.

Chifukwa chake sindikufunsa, monga wanenera. Koma ine si mwana. Ndikudziwa kuti kampani imene inapanga Kanyali inagulidwa ndi yanuyo zaka zapitazo. Munthu wosainira chinsinsi, kwatsala mwezi kuti msonkhano uchitike, n'kuyamba kufunsa za gemu ya zaka makumi atatu, ameneyo sikuti wangosowa bambo ake. Wakutsina khutu ndi mnansi, nanji mlongo wako. Zikomo, mayi.

Mchimwene wako


Lolemba, 12 Meyi

Achimwene,

Moni nonse. Ndikulemba nditaimirira padepoti, kalata yanu ndangoiwerenga pompano ndipo mtima wanga uli m'mwamba.

Sindinakutsineni khutu. Ndikubwereza, sindinakutsineni khutu. Ndinafunsa funso kwa mchimwene wanga, osati kwa Mlosi. Zimene mukuganizazo, kaya ndi zoona kaya ndi zabodza, zisatuluke pakamwa panu, pa tsamba lanu, ngakhale kwa Atelala. Ndikukudziwani, mukakhala ndi nkhani mumayenda ngati munthu wosenza chidebe chodzaza. Ndapota nanu, ipirireni mpaka pa 12 Juni. Likadutsa tsikulo mudzanene kuti munadziwa kale, ine ndidzakhala woyamba kukuomberani m'manja.

Kalata yanga yoyamba ija muiwotche. Ndinalakwa kuilemba, ndaona tsopano.

Zikomo chifukwa cha ndondomeko ija. Za chipinda chabuluu ndinali nditaiwala, ndipo ndalira pang'ono pano anthu akundiyang'ana.

Adalaivala sindinawapeze, akuti apita ndi basi kugalaja, ndiye kalatayi ndikusiyira kondakitala. Mundiyankhe Loweruka kuti mwamva. Mawu amodzi okha akwana.

Kachala


Lachisanu, 16 Meyi

Kachala mlongo wanga,

Tonse tili bwino, ndipo ine ndili bwino kuposa masiku onse a chaka chino. Dzulo ndinakadikira basi. Adalaivala anatsika chimanjamanja, akuti sabata ino sanakuone n'komwe. Ndinabwerera ndikuganiza m'njira. Ndinati, ndinamuuza poyera kuti ndamva kutsinako, akanakhala kuti sakufuna akanandiletsa msangamsanga, poti pakamwa ali napo. Wakhala chete, ndiye kuti akuti pitirizani, koma dzina langa lisamveke.

Sindinadikirenso Lachisanu. Dzulo lomwelo masana ndinaimika foni n'kulengeza kuti pa 12 Juni dziko lidzaona Kanyali atabadwanso. Kuti asati Mlosi wayambanso zake zija, ndinawonjeza kuti amene akuipangawo akufufuza khomo lobisika la pa gawo lachisanu ndi chiwiri. Kenako ndinalowa khomolo pa makina a Abambo anthu akuona, ulendo woyamba womwe. Dzina lako sindinatchule, za mlongo sindinanene, usade nkhawa.

Kachala, anthu zikwi makumi anayi aonera kanemayo, ndipo pamene ndikulemba pano akuwonjezekabe. Wina waika mawu anga m'zilankhulo zina. Masamba akuluakulu a kunja, aja ndimawerenga ndi nsanje, akunditchula. Khomo lija palibe ankalidziwa, ngakhale akatswiri amene analemba mbiri ya gemuyi. Abambo ako, munthu amene sanakwerepo ndege, anapeza chinthu chimene dziko lonse linachiphonya.

Lero shopu yadzaza mpaka pakhonde. Anthu ali pa mzere kufuna kuyesa khomo, ndipo kandodo kathyokanso kawiri. Ometa abwera okha kudzasungitsa malo a kutsogolo pa tsiku la msonkhano, za mvula sanafunse. Amayi akhala pakhomo ndi mpando wawo akulandira anthu ngati pali ukwati.

Ndikuuze zoona, ndinali nditayamba kufunsa mtengo wa mashelefu kuti shopu ya Abambo ndiisandutse golosale. Sindinakuuze chifukwa cha manyazi. Iwe unapita kutali n'kukakhala munthu, ine ndinatsala ndi waya ndi fumbi. Wandikumbukira pa nthawi yake, ndipo sindidzaiwala.

Lemba msanga, Amayi akufunsa.

Mchimwene wako,
Mlosi weniweni tsopano


Lolemba, 19 Meyi

Achimwene,

Moni. Amayi muwapatse moni. Kondakitala wavomera kuti kalata yanga ya sabata yatha anaiiwala m'thumba la jekete, ndiye muilandira pamodzi ndi ino. Muiwerenge kaye imeneyo.

Kanema wanu ndinamuona kalata yanu isanafike. Lachisanu m'mawa anatiitana tonse khumi ndi anayi m'chipinda cha misonkhano. Munali mayi wina amene sindinamuonepo, mkulu wa chitetezo, wolankhula motsitsa ngati nesi. Anazimitsa magetsi n'kuonetsa pakhoma manja a munthu akusewera Kanyali. Ndinazindikira chipsera cha pa chala chanu chachikulu, chija munapsa pokonza waya. Kumbuyo kwake kunkaoneka katani ya maluwa imene Amayi anasoka.

Poti zafika apa, imvani zimene mwaponda. Inde, tikupanganso Kanyali. Anamanga yatsopanoyo pamwamba pa mafupa a yakale, ndiye ndinkafuna kudziwa ngati khomo lija linatsalamo. Lachiwiri ndinatsata ndondomeko yanu ndipo ndinalowa. Ndinalemba lipoti monga mwa ntchito, mtima ukuwawa kuti alitseka. Abwana a gulu lathu atawerenga anati lisatsekedwe, likhale mphatso ya osewera akale, ndipo lidzaonetsedwe kumapeto kwenikweni kwa msonkhano. Anandigwira chanza pamaso pa anzanga. Anatchulanso za kundiwonjezera zaka ziwiri pa ntchito. Limenelo linali Lachitatu.

Atatha kanemayo anayamba kutiitana mmodzimmodzi. Ine anandisunga maola atatu. Mayi uja anaika foni yanga pa tebulo n'kunena kuti, "Iwe ndiye unapeza khomoli Lachiwiri. Lachinayi lili pa intaneti, m'chilankhulo cha kwanu. Tithandize kumvetsa."

Ndinayankha kuti kwathu makina akale akadali m'mashopu, ndipo chilankhulo chathu amalankhula anthu mamiliyoni. Anandifunsa ngati manjawo ndikuwadziwa. Ndinati ayi. Ndinakukanani, Achimwene, maso anga ali pa chipsera chanu. M'foni sanapezemo kanthu, ndipo kunyada kwanga kosatsata tsamba lanu kwandithandiza. Andichotsa pa gawo lachisanu ndi chiwiri. Khadi langa likutsegula chitseko chimodzi chokha tsopano, ndipo anzanga akasiya kulankhula ndimadziwa kuti ndalowa. Akuti kafukufuku atha msonkhano usanachitike, ndipo wopezeka wolakwa apita.

Inu Achimwene, mwandigulitsa chifukwa cha mabenchi odzaza. Munadziwa za pangano, munadziwa za chiphaso, ndinakulemberani zonse m'kalata yoyamba, koma munasankha kumva zimene mtima wanu unkafuna. Kuyambira tili ana mumatero, mumathyola chinthu n'kunena kuti mumayesa ndakupatsani. Tsopano mvetsani, chifukwa moyo wanga wapachikika apa. Chimene chandisunga ndi chimodzi chokha, sakudziwa kuti Mlosi ndi mchimwene wanga. Akukayikira koma umboni alibe. Pasapezeke munthu aliyense, inu, Amayi, Atelala, wotchula kuti Mlosi ali ndi mlongo, kapena kuti kunabwera kalata. Ngati mukufuna kuchitapo kanthu, nenani pa tsamba lanu kuti munangopeka, basi.

Amayi asade nkhawa kwambiri. Ndikudya, ndikupita kuntchito. Kwatsala milungu itatu, mwina ndidutsa.

Kachala


Loweruka, 24 Meyi

Mwana wanga Kachala,

Ndine mayi ako. Akundilembera ndi Atelala, chifukwa mchimwene wako wadzitsekera m'chipinda kuyambira dzulo ndipo akuti dzanja lake silikugwira cholembera. Ine ndili bwino, maso ndi omwe aja. Iwe ukudya zoona, kapena unangolemba kuti ndisadandaule?

Makalata ako awiri anafika Lachinayi. Mchimwene wako anawerenga yekha kaye ataima pazenera, nthawi yaitali, mpaka ndinamufunsa ngati zilembo zasanduka nyerere. Kenako anandiwerengera yachiwiriyo. Ndinamva zonse, za mayi wolankhula motsitsa, za maola atatu, za anzako amene akukusala. Chakudya sichinalowe tsiku limenelo. Mwana amene ndinamulera ine, amene sanatolepo ngakhale chingwe cha mwini, akumuyesa woulula zinsinsi.

Dzulo masana mchimwene wako anaimika foni yake ija pa tebulo. Ndinali pakhomo ndipo ndinkamva. Ankangozungulira, akuti ndinangopeka, akuti mwina ndinalota, akuti Mlosi amaphonya nthawi zonse. Ndinadikira kuti akutchule, akuyeretse, koma dzina lako silinatuluke. Ndinati mumtima, mabwana akowo adziwa bwanji kuti ndiwe wosalakwa ngati a kwanu omwe akuchita manyazi kukuikira kumbuyo? Bambo ako akanakhalapo sakanakhala chete.

Ndiye ndinalowa m'nyumba n'kuchotsa pakhoma chithunzi chako chija unavala mkanjo wa sukulu. Ndinapita nacho pa tebulo, ndinakankha manja a mchimwene wako, n'kuweramira pafoniyo kuti andione bwinobwino. Atelala analipo, akhoza kuchitira umboni kuti sindinanjenjemere. Ndinati:

"Inu mabwana a kumeneko, tandiyang'anani. Uyu pachithunzipa ndi mwana wanga, mlongo wake wa Mlosiyu, amagwira ntchito kwa inu yoyesa magemu. Sanaulule kanthu. Kalata yake ndinaimva ndi makutu angawa, kawiri. Anangofunsa za khomo la bambo ake basi. Musamuvutitse, ndi mwana wamasiye."

Ndinkafuna kuwonjeza za khalidwe lako, koma mchimwene wako anagwetsa foniyo pansi ndi chigongono. Nkhope yake inali itatuwa. Sanandikalipire, anangotola foniyo n'kutulutsa makasitomala onse dzuwa likadali pamutu. Ndikuganiza kuti wachita manyazi kuti mayi wosaona wachita zimene iye mwamuna zinamukanika.

Tsopano mtima wanga wakhala pansi. Atelala akuti anthu ambirimbiri anandiona, ndiye mabwana akowo uthenga aupeza ndithu. Ukawaona uwapatse moni wanga, uwauze kuti sindinawakalipire, ndinangonena zoona. Undiyankhe kuti akuti bwanji.

Ine mayi ako

Ndalemba monga anenera, sindinachotse kapena kuwonjeza. Telala.


Loweruka, 24 Meyi

Kachala,

Kapepala aka ndakalowetsa mu envulopu ya Amayi iwo osadziwa. Moni sindikupatsa chifukwa sindikuyenera.

Amayi sanalakwe. Powawerengera kalata yako ndinadumpha ndime imodzi, ija inayamba ndi mawu oti mwandigulitsa. Sindikanatha kuitulutsa pakamwa panga iwo akumva, Atelalanso ali pakhomo. Ndinafika pamenepo, ndinatsokomola, n'kupitirira pa mawu oti Amayi asade nkhawa. Ndinkati chenjezo lako ndidzawauza padera, m'mawu anga, ndikapeza poyambira. Lachinayi linadutsa, Lachisanu m'mawa linadutsa, poyambira sindinapapeze.

Kanemayo ndinamufufuta pasanathe mphindi makumi awiri, koma anthu anali atamukopera kale. Pofika madzulo mawu a Amayi anali atamasuliridwa, chithunzi chako chili poyera. Madzi akatayika saoleka, ndikudziwa.

Tsamba ndalitseka. Mabenchi ndabweza. Ngati zingathandize, uwauze kuti ndinaba kalata yako, kuti ndine chidakwa, kuti tinadana kalekale, chilichonse, ine ndidzasaina. Ndiuze chochita ndipo ulendo uno ndichita chokhacho.

Amayi akuyenda monyadira m'nyumba muno, akuimba. Sindinawauze. Ndiwauze?

Mchimwene wako


Lolemba, 2 Juni

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino. Pepani kuti sabata yatha basi inabwera yopanda kalata yanga, zochita zinachuluka. Ine ndili bwino ndipo ndikudya, ulendo uno ndikunena zoona.

Uthenga wanu unafika. Mabwana onse anakuonani, ndipo nanenso ndinakuonani. Munavala duku lanu lobiriwira lija, ndipo Atelala sananame, simunanjenjemere. Chiyambireni tsiku limenelo palibe amene wandifunsanso mafunso.

Nkhani ina ndi yakuti ntchito imene anandilembera yafika kumapeto, ndiye ndikubwera kunyumba kudzapuma. Ndinyamuka ndi basi ya Lachiwiri la sabata ya mawa, pa 10, ndifika Lachinayi pa 12. Ndili ndi masutikesi awiri ndi katoni imodzi, wina adzandichingamire.

Achimwene, apa lekani kuwerenga mokweza. Ndime ino muidumphe, madumphidwe ake mukuwadziwa. Anandiitana Lachinayi lapitali. Mayi uja sanafunse kanthu, anangoonetsa kanemayo mawu ake atalembedwa m'munsi, n'kuimitsa pamene Amayi anyamula chithunzi changa. Kenako anati, "Mayi ako amakukonda kwambiri," n'kundisunthira pepala loti ndisaine. Mlonda anandiperekeza kukatenga kapu yanga ndi juzi, anzanga maso ali pa makompyuta. Sandisumira kukhoti, akuti poti kalata ija inali funso chabe, koma dzina langa lapita ku makampani ena onse ndipo chiphaso chafafanizidwa. Khomo lija alitseka, abwana akuti mphatso yodziwika kale si mphatso. Zonena kuti ndinu chidakwa sizikanathandiza, ndipo kalata yoyamba ndinalemba ndine, simunandigwire dzanja. Sindinakukhululukireni, mwina ndidzatero, koma musandifunse tsiku lake. Mabenchi aja mukabwerekenso ndipo msonkhano muonetse, chifukwa shopuyo tsopano idyetsa anthu atatu. Mwafunsa ngati muwauze Amayi. Mukadzawauza, ine ndi inu chibale chidzathera pomwepo. Muwauzenso Atelala ndi Ometa atseke pakamwa. Tsopano tsokomolani, mupitirize apa.

Amayi, m'chipinda changa chija ndamva kuti munaikamo makina akufa. Achimwene awatulutse, ndipo bulangeti langa lofiira mulianike padzuwa. Ndikafika ndizidzakudonthezerani ndekha mankhwala m'maso, ndipo makalata onse obwera pakhomopo ndizidzakuwerengerani ine.

Munachita bwino kundilankhulira, Amayi. Palibe wina akanatero.

Mwana wanu,
Kachala